Nsapato za Esteri Zinatha Kunsi

Pamene Esteri Gabrieli anavula nsapato zake tsiku limenelo, masokosi anakana kuchoka. Anali atamatirira ku zidendene ndi magazi. Anakhala pansi m'mphepete mwa bwalo la masewero la yunivesite ina ku Blantyre, mutu uli pakati pa mawondo. Pa atsikana khumi ndi mmodzi amene anathamanga mamita 5,000, iye anafika wachisanu ndi chinayi. Malo amene ankalimbirana anali awiri okha.

Inu amene mukuwerenga, kuti mumvetse chimene chinatayika pabwalo lija, ndiyambe ndakuuzani kumene mtsikanayu anachokera.

Esteri ndi wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 4. Mayi ake, a Elena, amathyola tiyi pa esiteti, dengu kumsana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mtsikanayu anakhoza bwino Folomu 4 ndipo anasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Dzina linatuluka, anthu anaimba nthungululu, koma fizi panalibe. Yunivesite inavomera kumusungira malo kwa chaka chimodzi chokha. Akapanda kufika pofika Ogasiti, malowo apita kwa wina.

Kulikonse kumene anagogoda kunali kotseka, kupatula khomo limodzi. Pa yunivesitepo pali thumba limene amasonkha anthu amene anaphunzira pomwepo kale. Ena ndi a maofesi akuluakulu, ena ndi aphunzitsi ndi anamwino wamba oponya kangachepe mwezi ndi mwezi. Thumbali limalipirira fizi, chakudya ndi malo ogona a ophunzira ovutika amene ali ndi luso la masewero, ndipo iwo amathamangira kapena kusewerera timu ya sukuluyo.

Tsono kuthamanga ndiye kunali kwa Esteri. Mwana amene wakula akukwera mapiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu sadziwa kuti phuma ndi chiyani. Kusekondale ankasiya anzake onse kumbuyo, ali chosavala kuphazi. Mphunzitsi wake wa masewero anamulembera kalata, a thumba aja anamuitana ku mpikisano wa mu Epulo, ndipo kutatsala miyezi iwiri anamutumizira bokosi. M'katimo munali nsapato zothamangira, zabuluu, zatsopano.

A Elena anazitulutsa ndi manja awiri, anazinunkhiza, n'kuzibwezera m'mapepala ake.

"Izi si zopondera matope a kuno, mwanaka," anatero. Mwanaka ndi mmene amamutchulira m'Chilomwe cha makolo awo, kutanthauza mwana wanga. "Udzavala tsiku lomwelo, anthu aone kuti timasamala."

Bokosi linalowa m'sutikesi, pansi pa yunifolomu ya kutchalitchi, ndipo kiyi anamangidwa pa ngodya ya chitenje.

Musawaseke mayiwa. Ndani mwa ife amene sanasungiridwe malaya a Khirisimasi kuyambira Okutobala, mpaka tsikulo pofika manja atafupika? Kwathu kuno chatsopano sichivalidwa chisawawa, chimadikira tsiku lake. Esteri nayenso sanaone cholakwika. Anapitiriza kukonzekera chosavala kuphazi monga mwa masiku onse.

Ndiye tsiku la mpikisano phazi limene silinamangidwepo linalowa m'nsapato youma. Atazungulira kanayi, zidendene zinayamba kuwotcha. Pofika kachisanu ndi chitatu matuza anali ataphulika. Anamaliza motsimphina, pa mphindi 22.

Ali chikhalire pansi paja, anaona mthunzi wa munthu. Anali Bambo Jailosi, mphunzitsi wa timu ya othamanga. Anatola nsapato imodzi, anaitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Mwazivala kangati izi?"

"Lero ndi koyamba, bambo."

"Tinatumiza msanga kuti muzizolowere. Palibe anakuuzani?"

Misozi imene Esteri anaigwira pa mpikisano wonse inatsika pamenepo. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Kenaka Bambo Jailosi anati, "Ndinakuonani pozungulira katatu koyamba. Miyendo muli nayo. Opereka alonjeza malo ena amodzi, ndipo tidzayesanso kumapeto kwa Julayi. Amodzi okha. Wofuna malowo apambane, komanso asapitirire mphindi 19. Pitani mukazithetse nsapatozi."

Atafika ku Limbuli, a Elena anaona mapazi aja n'kukhala pansi pakhonde. Anadziwa kuti kiyi anali wawo. Komabe m'mawa mwake Esteri anawapeza atachapa nsapato zija, akuzikulunganso m'mapepala.

"Amayi, ndipatseni. Aphunzitsi akuti ndizithetse."

"Kuthetsa mphatso? Nanga eni ake akadzafunsa?"

"Akadzafunsa ndidzayankha ndine."

Zilonda zitapola, ntchito inayamba. Mphunzitsi wake wakale anamuyezera bwalo la pulayimale ndi chingwe, n'kukhoma zikhomo kuti kuzungulira kamodzi kukhale mamita 400. Masiku ena ankathamanga m'misewu yofiira ya m'minda ya tiyi, kusanatenthe, asanapite kukagulitsa nanazi kumsika. Anyamata a kabaza ankamunena akamadutsa: "Achemwali, kwerani, mwathamangitsidwa ndi ndani?" Iye ankangoweramitsa mutu n'kupitirira.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Elena ankaima pa chikhomo choyamba atagwira foni ya Esteri. Sukulu sanapite nayo patali, koma manambala amawadziwa, chifukwa tsiku ndi tsiku amayang'anitsitsa sikelo ya kapitawo poyeza tiyi. Mwana akamaliza kuzungulira ka 12 ndi theka, iwo ankadina n'kuwerenga mokweza.

Mu Meyi anawerenga 21. Kumayambiriro kwa Juni anawerenga 20. Kenaka chiperoni chinatsika m'phiri, bwalo linaterera, ndipo nambala inaima pa 19 ndi theka. Sabata yoyamba, 19 ndi theka. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu inakweranso pang'ono.

Mantha anamugwira Esteri. Chakudya chinasiya kulowa. Akamva minibasi ikuitanira a ku Blantyre, ankayang'ana kumbali. Ankawerenga masabata otsala pa zala n'kupeza kuti dzanja limodzi likukwanira. Anayamba kuganiza za dengu la tiyi, loti mwina ndi limene linamulembedwera, ndipo tsiku lina anafunsa mayi ake ngati kapitawo akulemba anthu atsopano.

"Msana wanga ukukwanira tonse awiri," anayankha a Elena. "Iwe pita ukathamange."

Lamulungu lomaliza foni inaonetsa mphindi 19 ndi masekondi asanu ndi atatu. Sanatsikepo pa 19 ngakhale kamodzi.

Nsapato nazo zinali zitaona zakuda. Ubuluu unasanduka kufiira kwa dothi la Mulanje, kunsi kunasalala, ndipo yakumanja inang'ambika pa chala chachikulu mpaka wosoka nsapato wa pamsika anaisoka kawiri ndi ulusi wakuda. Kenaka panabwera uthenga pafoni wakuti tsiku la mpikisano opereka ena adzakhalapo kudzaonerera.

A Elena atamva zimenezo, mtima unawachoka. Anagwira nkhuku ziwiri, anapita nazo kumsika, n'kubwerako ndi nsapato zoyera za pakaunjika, zooneka bwino ndithu.

"Uvale izi. Anthu aja akaona zinazo adzati mwana wa Elena ndi wosasamala, tamupatsa chinthu chabwino wachisandutsa chigamba. Manyazi amenewo ine sindingawasenze."

Esteri anaziyang'ana. Anadziwa kuti nkhuku zija zinali zoikira mazira, ndipo kukana kunali kowawa. Anagwada n'kuzilandira ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Ndizitenga. Koma zija zinandiluma kale n'kundizolowera. Izi sizikundidziwa."

"Ndiye ukaonekere choncho pamaso pa anthu?"

"Bola manyazi a nsapato kusiyana ndi kubwerera kuno ndi dengu."

A Elena anaika mapeyala onse awiri m'chikwama, zoyera pamwamba.

Tsiku lija linafika. Pabwalo panali tenti, ndipo pansi pake panakhala anthu pafupifupi makumi awiri ovala bwino. Esteri anatsegula chikwama. Anayang'ana kutenti, anayang'ana nsapato zoyera. Kunena zoona, anazitulutsa, mpaka anamasula zingwe. Kenaka anakhudza chipsera cha pa chidendene chake, anazibwezera, n'kuvala zofiira zija. Poyenda kupita pamzere ankaona ngati maso onse a m'tenti ali pa ulusi wakuda uja.

Atsikana anali asanu ndi atatu. Wezulo italira, Esteri anadziletsa kuthamangira kutsogolo monga ankachitira kusekondale. Pozungulira kachisanu ndi chimodzi anatsala atatu patsogolo. Pofika kakhumi anatsala awiri, iye ndi mtsikana wamtali wa ku Zomba dzina lake Angella. Mapazi sankapweteka. Chifuwa ndi chimene chinkayaka.

Belu la kuzungulira komaliza linalira. Esteri anadutsa, Angella anabweza. Pokhota pomaliza anali phewa ndi phewa, ndipo pamzere Angella anaponya phazi patsogolo.

Bambo Jailosi anawerenga nthawi. Angella, mphindi 18 ndi masekondi 46. Esteri, mphindi 18 ndi masekondi 47.

Anatsika pa 19 koyamba m'moyo wake, koma malo anali amodzi. Sekondi imodzi inamulanda zaka zinayi za sukulu. Anakagwira dzanja la Angella monga mwa ulemu, n'kupita kukakhala pamalo omwe aja anakhala mu Epulo. Nthawi ino ngakhale misozi inakana kutuluka. Ankangoganiza mmene akawauzire amayi ake.

"Mwanangu, tavula nsapato imodzi."

Anadzutsa mutu. Patsogolo pake panaima mayi wachikulire wa mpango kumutu, atatsamira ndodo. Bambo Jailosi, amene anali pambali pawo, anati, "Awa ndi Mayi Hawa, namwino wopuma ntchito. Nsapato zonse zimene timatumiza amagula ndi iwowa."

Zimene ankaopa a Elena zija zinafika. Esteri anavula yakumanja, yosokedwa ija, n'kuipereka akuyang'ana pansi.

"Pepani, amayi. Ndinayesetsa kuchapa, koma dothi la kwathu silichoka."

Mayi Hawa anaitembenuza. Anayendetsa chala kunsi kosalala kuja, anakhudza ulusi wakuda, n'kufunsa, "Miyezi ingati?"

"Itatu."

"Ine za masekondi zanuzi sindizidziwa," anatero mayiwo. "Ndimawerenga kunsi kwa nsapato. Zaka zisanu ndakhala ndikugula, ndipo zambiri ndimazionanso zikuwala ngati zapashopu. Lero ndaona kumene penshoni yanga inapita."

Sanabweze nsapato ija. Anatembenuka n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka kutenti. Esteri, phazi limodzi lili pa udzu, ankaona nsapato yake ikuyenda kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina. Mawu sankamveka onse, koma ena a Mayi Hawa anafika: "Amene wathetsa nsapato chonchi, buku adzalisiya?" Bambo wina wa tayi anapukusa mutu, akuonetsa pepala. Mayi wina anatulutsa foni n'kupita pambali. Anakambirana nthawi yaitali.

Pomaliza Bambo Jailosi anabwera, nsapato ili m'manja.

"Malo a Angella ndi a Angella, anawapambana. Koma anthu asanu ndi mmodzi m'tentimo avomera kuwonjezera chopereka chawo kwa zaka zinayi. Malo akhala awiri. Valani nsapato yanu, mukasaine."

Esteri anaimbira foni kwa kapitawo kuti awapatsire mayi ake, amene anali m'munda. A Elena anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Unavala ziti?"

"Zofiira, amayi."

Kunamveka kupuma kwakutali, kenaka kulira.

Lero Esteri ali chaka chachitatu. Amathamangira timu ya yunivesite limodzi ndi Angella, ndipo teremu iliyonse amalembera kalata anthu asanu ndi mmodzi aja kuwauza mmene mayeso ayendera. Nsapato zoyera za pakaunjika nazo zinagwira ntchito yake, anazizolowera pang'onopang'ono mpaka zinatha. Akabwera ku Limbuli pa holide, asanakhale n'komwe pansi, a Elena amatambasula dzanja n'kunena kuti, "Tandionetse kunsi."

Abale anga, mutu umodzi susenza denga. Pakanapanda anthu oponya kangachepe kawo m'thumba lija, Esteri bwenzi ali ndi dengu kumsana. Ngati muli nako kangachepe, musakapeputse, chifukwa penshoni ya namwino mmodzi inatsegulira mwana wa ku Limbuli chipata cha yunivesite. Koma opereka aja sakanakhala ndi choti aone Esteri akanasiya kuthamanga m'masabata atatu aja pamene nambala inakana kutsika.

Mwina inunso muli ndi chimene munachitsekera m'sutikesi kudikira tsiku lalikulu, kaya ndi luso, kaya ndi mwayi umene wina anakupatsani. Masulani kiyi pa chitenjepo. Chikulumeni lero, pamene nthawi yopola ilipo. Ndipo mukalephera ndi sekondi imodzi, osataya mtima. Pali wina amene akubwera kudzaona kunsi kwa nsapato zanu.