Nthutumba inapita kwa wogonja

Zaka zomwe makampani a boma ankagulitsidwa, kunabwera mtsikana wa ku Canada kudzasewera tenisi pa kampikisano kakang'ono ku Woodlands. Moyo wake unali woyendayenda m'mayiko ndi chikwama chimodzi, kugona m'nyumba za eni, ndipo ku Lusaka anafikira kwathu ku Kabwata. Bedi langa anapatsa iyeyo, ine ndinagona pansi.

Maere anatikumanitsa tsiku loyamba lomwe. Ndinamugonjetsa nditavala nsapato zakale zogula pa salaula, chala chili panja.

Madzulo amayi anapha nkhuku. Atate, amene anandiphunzitsa kugwira raketi koma osandiyamikirapo ndi tsiku limodzi lomwe, anatola nthutumba n'kuika m'mbale mwa mlendoyo. "Idya mwana wanga, wachokera kutali," anatero. Ine anandituma madzi osamba m'manja.

M'mawa mwake atate anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi, akumwetulira njira yonse. Mtsikanayo anapita kukagonjanso kwina, kenako kwinanso, zaka ndi zaka, mpaka dziko lonse analiona. Ine ndinapitiriza kupambana pabwalo lomwe lija mpaka linamera udzu.