Achemwali Anga Sanali Aulesi

Ndinachoka kwathu ku Mitundu chifukwa cha mkwiyo, ndisakunamizeni. Achemwali anga a Esinati anadwala malungo, malungowo n'kutha, koma iwo osadzukanso bwinobwino. Kumunda ndine, kumadzi ndine, iwo ali gone pamphasa. Kuchipatala anati magazi alibe vuto. Nditamva kuti boma likusamuka ku Zomba ndipo mabwana akufuna antchito a m'nyumba ku Lilongwe, ndinamanga kamtolo kanga. Potsanzika ndinawalasa nawo mawu: "Tione amene azikulimirani."

Ntchito ndinaipeza ku Area 11, kwa a Gondwe, bambo wa ku Rumphi wogwira ntchito ku Capital Hill. Nyumba zinali zikununkhabe penti. Kumeneko anthu sapalana moto, aliyense ali mumpanda mwake ndi galu wake. Ndinkasungulumwa koopsa. Lamulungu ndinkapita ku msika wa ku Old Town kuti ndikangomva anthu akukuwa, ndipo ndikapeza wa kwathu ndinkamupatsira sopo ndi kandalama.

Mayi Gondwe anali mphunzitsi kale, koma ine ndinawapeza ali chigonere. Ndinaseka chamumtima: ha, ndathawa ulesi wa pamphasa, ndapeza wa pamatiresi!

Tsiku lina amayi a kumpingo anabwera. "Dzukani mayi, muziyendayenda kuti magazi ayende." Anawatenga kumapemphero, ndipo anabwerako akuseka. Mkuja wake mayi Gondwe analephera ngakhale kunyamula kapu ya tiyi. Atapezako bwino anandionetsa kope momwe ankalembamo za matenda awo tsiku lililonse.

"Taona, Filesi. Matendawa sagwetsa tsiku lomwelo. Amadikira mawa kapena mkuja, anthu ataiwala."

Mlongo wawo wophunzira kunja ankawatumizira mapepala. Kunjako akuti odwala otere aliko, ndipo madokotala akukangana, ena akuti ndi kachilombo, ena akuti ndi maganizo chabe. Mayiwo ankalembera madokotala makalata, mizere iwiri lero, iwiri mawa, kuwauza kuti ayambe amvetsera wodwala. Ine ndinaphunzira zanga: kuika mpando kubafa, ndi kubweza alendo pageti. Kubweza mlendo, ine mwana wa ku Mitundu! Ankandinena kuti ndine wamwano, koma mayi anayamba kumakhala pakhonde.

Kopelo linandisowetsa mtendere. Kwathu tinkati achemwali kumaliro amapita, kumunda ayi. Palibe amene ankayang'ana za mkuja wake.

Kenaka kalata ya amalume inafika: alamu, amuna awo a achemwali, atopa, ankhoswe akumana Loweruka kuti ukwati uthe. Ndinapempha tchuthi.

Pabwalo alamu anayankhula modandaula. "Pa maliro a mwezi watha mkaziyu anaphika tsiku lonse. Ndikati tiye kumunda, akuti sangathe. Ndi matenda amenewo?"

Ine ndinagwada n'kuomba m'manja. "Pepani akuluakulu, ndifunseko. Alamu, mkuja wa malirowo achemwali anali kuti?"

Alamu anakanda kumutu. "Anali gone. Madzi ndinkachita kuwamwetsa."

"Nanga atabwera ku ukwati wa kutsidya?"

"Chimodzimodzi."

"Waulesi amadikira masiku awiri kuti anamizire? Amakana ndi chakudya chomwe?"

Ndinafotokoza za mayi Gondwe, munthu wopanda munda woti authawe. Amalume anati nkhaniyo iyambe yaima, ndipo mpaka lero sinadzukenso. Achemwali sanachire, ndisaname, koma mawu oti ulesi anatha pakhomo pathu. Ndimanyada nazo. Ena anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi wailesi, ine ndinabwera ndi funso limodzi.

Anthu atabalalika ndinalowa m'nyumba. Achemwali anandiyang'ana. Mawu anga aja anali asanawaiwale.

"Wabwera kudzaona amene akundilimira?"

Misozi inangondituluka yokha. "Iyayi, achemwali. Khasu lija mwaliika pati?"