Mahewu a Mayi Rosaria Eliasi

Mayi Rosaria Eliasi anabadwa pa 9 Meyi 1971 m'komboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Samanga, kumpoto kwa Mutare, kumene bambo awo anafika mu 1959 kuchokera ku Mulanje. Anayamba kuthyola tiyi mu 1989. Kuyambira 1996 ndiwo ankaphika mahewu a gulu lawo n'kumabwera nawo m'chigubu, ndipo masana azimayi khumi ndi anayi ankakhala pafupi ndi sikelo n'kumamwera chikho chimodzi mosinthana.

M'mimba munayamba kuwavuta mu Ogasiti 2017. Ankatsegula kwa milungu ingapo, nthawi zina ndi magazi, n'kuleka, n'kuyambiranso. Pa 14 Malichi 2022 dokotala wa ku Mutare atawaunika, anapeza matenda otupitsa matumbo, amene sapatsirana. Anafotokoza kuti munthu aliyense ali ndi tizilombo ta mtundu wa yisiti, zofufumitsa zija, m'matumbo, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatizindikira n'kukhala nato mwamtendere. Koma mwa anthu ena chimatiyesa adani, ndipo nkhondoyo ingakulitse zilonda.

Lolemba lotsatira anafotokozera anzawo zonsezi osabisa kanthu. Mayi Chiratidzo, amene anathyola nawo limodzi zaka makumi awiri, anatula chikho pansi.

"Mwati zofufumitsa, asisi? Zonga zili m'chigubumu?"

"Zili mwa inunso, Chira. Thupi langa ndi limene likuyambana nazo."

"Ndiye langali lisaphunzire ndewu kwa lanulo," anatero a Chiratidzo akuseka. Enawo anaseka nawo, koma palibe amene anamwa.

Kwa milungu isanu ndi umodzi Mayi Rosaria anapitiriza kusenza chigubu cha malita asanu kukwera nacho phiri, madzulo n'kutsika nacho chodzaza. Pa 2 Meyi anapempha kapitawo kuti awerenge kalata ya dokotala mokweza. Anaiwerenga m'Chingerezi, kenako anaimasulira m'Chishona. Azimayiwo anamvetsera mwaulemu, ena mpaka anawapepesa. M'mawa mwake aliyense anabwera ndi botolo lake la madzi.

Chigubucho anasiya kuchinyamula pa 9 Meyi, tsiku limene anakwanitsa zaka 51. Mpaka lero akuthyolabe tiyi, kupatula masiku amene matendawo abuka. A Chiratidzo amawapatsa moni m'mawa uliwonse ndi kuwafunsa za m'mimba. Masana gulu limakhala pa sikelo monga kale, pamene Mayi Rosaria amadyera kumapeto kwa mzere wawo wa tiyi, pafupi ndi chimbudzi.