Ndege Yopanda Mchira

Chaka chomwe tinavotera zipani zambiri, amuna anga anasiya kusema mipini n'kuyamba kusema ndege. Ankati ali msilikali ku nkhondo ya azungu anaona ndege ina ikuyesedwa kumene: yopanda mchira, mapiko okhaokha, chopukusa mphepo chili kumbuyo. Inauluka kamodzi, kenaka anaivindikira ndi tenti.

"Mapiko ake ankakwana amuna asanu ndi awiri atagona mondondozana," ankatero, uku akupala mlombwa ndi kasemasema.

Ine sindinaikonde. Kuno ku Dambe ndege yamtengo amati ndi ya afiti, ndipo amuna anga anali obwera, ngakhale anakalambira pamudzi pathu.

Ankafuna kuti zonse zilingane ndi yeniyeni ija, mpaka kamunthu koyendetsa. Tsiku lina masana anaitana mkamwini wathu, mwamuna wa mwana wathu wachiwiri.

"Tagonani apa, apongozi, ndikuyezeni."

"Mukandisoketsera suti, bambo?" anaseka mkamwiniyo, nagona chagada.

Potuluka m'khitchini ndinapeza bango lili pambali pa munthu wamoyo, kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Bangotu timayezera mtembo, okumba manda asananyamuke. Mayi woyandikana nafe anali chiimire ndi ndowa pamutu, madzi akumutsikira kumaso, osaphethira.

Patapita masiku anayi mkamwini anagona, thupi lili moto. Anthu analeka kudzapala moto kwathu. Ndikafika pachitsime nkhani inkaduka. Kenaka ndinamva kuti abale a mkamwiniyo akubwera ndi sing'anga wa ku Zambia, ndipo ndinkadziwa zomwe amaichita nkhalamba ikalozedwa chala.

Amuna anga atapita kudimba ndinaitenga ndegeyo. Inali yofunda ngati dzira lomwe nkhuku yangochokapo, chonsecho inakhala pamthunzi tsiku lonse. Ndinakaiponya mu uvuni wa njerwa wa alongo anga, dala anthu akuona.

M'mawa mwake wodwala anapempha phala.

Ndinkayesa ndawapulumutsa amuna anga. Koma anthu anangoti, "Mwaonatu, yapsa dzulo, munthu wadzuka lero." Sing'anga sanabwerenso, panalibe choti afufuze. Amuna anga sanamenyedwe, sanandifunsenso za ndege yawo, koma mpaka tsiku la imfa yawo palibe anakhala nawo pamphasa imodzi. Ine ndinkakhala nawo, inde, koma maso anga ali pa manja awo.