Buku lomwe sindinapemphe

Anaphiri, lero ndinalowa mulaibulale muja, pampando wanu pali munthu wina. Chaka chatha chitisiyireni.

Ndakumbukira tsiku lomwe ndinapalasa njinga kuchokera kwa Wimbe kudzabwereka buku la bizinesi ya fodya. Inu, mwachizolowezi chanu, munasanjikapo lina la zaumoyo. Nditanyinyirika munati, "Tenga mwanawe, fodyayo sadzithyola yekha, amathyola ndi anthu." M'bukumo ndi momwe ndinadziwira kuti chinkasanzitsa mng'ono wanga Chikondi ndi fodya wamame amene ankathyola m'mamawa, pomwe kwathu tinkati amulodza. Tinamuchotsa kumunda, kusanza kunatha, ndipo pano ali kusekondale.

Usani mumtendere, mayi. Lero ndatuluka ndi buku limodzi lokha, palibe wandikakamiza lachiwiri.