Pampu Yomwe Inachira Itamva Kuti Kukubwera Alendo

Lolemba lapitali, chikwama ndisanaike n'komwe pansi, bwana wanga a Mbewe anali ataima kale kumbuyo kwa mpando wanga, chala chili pa sikirini ya kompyuta.

"Tiyamike, mzere uwu ukuoneka moipa."

Unalidi woipa. Mizere inzake yonse inkakwera n'kutsika monga mwa masiku onse: m'mawa m'mwamba, masana kutsikako pang'ono, madzulo m'mwambanso. Uwu wokha unangogona pansi, thasa, ngati chingwe choyanikira zovala chimene chaduka.

Kwa inu amene mumangondidziwira pa tsamba lino, ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kabungwe kena ku City Centre. Kabungweka kanaika mapampu a sola pa zitsime m'midzi ingapo ya m'boma lino la Lilongwe. Pampu iliyonse ili ndi kachipangizo kotumiza uthenga pafupipafupi, konena kuti nthawi ndi iyi, madzi atuluka ochuluka chonchi. Mauthengawo amakasungidwa mu detabesi, nkhokwe ya manambala, ya mtundu uja wosanja zinthu motsata nthawi. Nkhokweyo sili mu ofesi mwathu. Ili pa makompyuta a kampani ina kutsidya kwa nyanja, kumene ife a ntchitoyi timati kumitambo. Mayi anga atamva koyamba anandifunsa ngati m'chilimwe timatseka ofesi.

Kumitamboko ine sindinapondeko. Ndimalankhula nako kudzera mu laibulale. Musaganize za mashelufu a mabuku ayi. Laibulale yathu ndi mtolo wa malamulo amene anthu ena analemba kale, ine n'kumangowaitana m'pulogalamu yanga. Ndikafuna kuika manambala atsopano, lamulo limodzi. Ndikafuna kudziwa madzi amene pampu yakuti inatulutsa mwezi watha, lamulo lina. Kuuza nkhokwe kuti zakale izisunga mpaka liti, kapena kuzifufuta kumene, nalonso ndi lamulo lalifupi. Ndi wantchito amene bwana aliyense amamulota: amachita zonse msanga, ndipo safunsa chifukwa chake.

Tsono mzere wogona uja sunali vuto la kompyuta. Unali mudzi. Pampu ya kumeneko inafa m'nyengo yozizira, ndipo kuchokera pamenepo kachipangizo kaja kakhala kakutumiza uthenga umodzimodzi mokhulupirika, usana ndi usiku: palibe, palibe, palibe.

Ndinanenapo m'misonkhano ya Lolemba, kangapo konse. Yankho linali loti chitsulo chimene chawonongeka chiyenera kuitanitsidwa kunja, ndipo galimoto yatanganidwa. Mayi Nachisale, amene amatsogolera komiti ya madzi m'mudzimo, anabweranso okha mwezi watha. Anakwera minibasi mpaka ku depoti ya ku Old Town, n'kukweranso ina yobwera kuno. Anakhala pa benchi ya polandirira alendo atavala chitenje chawo chakutchalitchi, mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Anafotokoza kuti amayi abwerera ku chitsime cha kudambo kumene kumamwanso ng'ombe, ndipo mdzukulu wawo anagonekedwa kuchipatala ndi kutsegula m'mimba.

Anawapatsa tiyi. Anawauza kuti, "Nkhani yanu taimva, mayi, tikuiunika."

Mawu oti kuunika ndimawapatsa ulemu. M'maofesi a mumzinda muno muli nkhani zimene zaunikidwa kwa zaka, moti zikanakhala mazira bwenzi zitaswa anapiye.

Ndiye Lolemba lija ndinadabwa kuona a Mbewe akhudzidwa mtima. Kodi analota mdzukulu wa Mayi Nachisale?

"Lachinayi kukubwera alendo," anatero motsitsa mawu. "Aja amatithandiza aja. Mungaukonze?"

"Mzerewu, bwana, kapena pampu?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Musayambe zanu zija. Ndikunena za pa sikirinipa. Simungangophatikiza mapampu onse n'kuonetsa avereji? Zizioneka zasimati."

Kutheka zinali zotheka. Laibulale yanga imachita zimenezo ndi lamulo limodzi. Ndipo avereji ndi chinthu chokoma mtima kwambiri, abale. Mukaphatikiza mudzi waludzu ndi midzi ina yokhala ndi madzi, aliyense amapezeka kuti wamwa, wasamba, wachapa. Ngakhale mwana wogona kuchipatala amapezeka kuti, mwa avereji, ali bwinobwino ndithu.

"Ndikhoza, bwana," ndinawayankha. "Koma mwaiwala kuti chaka chatha tinawapatsa kiyi yawoyawo yolowera mu detabesi? Tinajambulitsa ndi chithunzi, chija chili m'chipinda cha misonkhano. Akhoza kuona pampu iliyonse payokha pa foni yawo."

A Mbewe anatulutsa foni n'kutuluka panja.

Zimene zinatsatira, ndikanakhala wa mpingo wa zozizwitsa ndikanakachitira umboni Lamulungu. Galimoto yotanganidwa ija inapezeka kuti ili ndi mpata. Chitsulo choitanitsa kunja chija chinapezeka m'sitolo ina ku Area 1, chitakhala pa shelufu, fumbi lili mbuu. Makaniko amene foni yake sinkapezeka anapezeka. Lachiwiri galimoto inanyamuka. Lachitatu masana, ndikudya chimanga chowotcha pa desiki panga, ndinaona mzere uja ukugwedezeka, kenako n'kudzuka, n'kuyamba kukwera ngati anzake.

Ndisaname, ndinasangalala. Ndinaganiza za amayi aja akutchera ndowa pa mpopi, madzi oyera akutuluka, ndipo maso anga anachita tsabola pang'ono. Kenako mkwiyo unabwera pambuyo pake, chifukwa ntchito yonseyo inatha dzuwa lisanalowe kawiri.

Lachinayi alendo anafika. Ofesi inanunkhira mankhwala okolopera, kuchimbudzi kunaoneka sopo amene sitinamuonepo chiyambire chaka, ndipo maluwa a m'miphika anabwerekedwa ku ofesi yoyandikana nayo. A Mbewe, munthu amene amandiitana kuti ndiwathandize kuika chithunzi mu imelo, anali ataphunzira okha kufupikitsa nthawi pa sikirini kuti pazioneka sabata imodzi yokha.

Mlendo wamkulu, mayi waulemu wa magalasi, analoza pamene mzere unadzukira.

"Apa panachitika chiyani?"

A Mbewe anakonza tayi.

"Apa, madamu, ndi pamene mukuona ubwino wa luso lamakonoli. Kompyuta inaona vuto, ife tinathamanga."

M'chipindamo munamveka kuwomba m'manja. Mayi aja analemba kenakake akugwedeza mutu mokhutira. Kiyi yawo ija, ndinazindikira pambuyo pake, sanaigwiritsepo ntchito chipatsidwire. Nawonso ali ndi alendo awo kwawoko oti akawaonetse chithunzi chokongola.

Musathamangire kuweruza a Mbewe. Si munthu woipa. Amapita kumaliro a wantchito aliyense, ndipo alonda amawapatsa moni ndi manja awiri. Vuto lawo ndi lathu tonse: timatha ntchito, koma timathera alendo.

Inu simunaonepo dzenje la pamsewu limene lakhala likudya matayala kuyambira dzinja, likutsekedwa m'mawa wa tsiku limene kukudutsa mdipiti wa galimoto za akuluakulu? Simunaone miyala ya m'mbali mwa msewu ikupakidwa laimu, mitengo ikuvekedwa masokosi oyera? Mulu wa zinyalala umene amalonda a ku Old Town auzolowera mpaka kumalozerana nawo njira, umasowa tsiku limodzi kukamveka kuti kukubwera nduna ya dziko lina. Kusukulu, zimbudzi zimatsukidwa oyendera akatumiza uthenga. Ku Area 10 mpanda wa maluwa umametedwa bwana akamayembekeza anzawo a kunja, pamene denga la kanyumba ka mlonda ladontha mvula ziwiri.

Ndipo tisaloze kutali. Kwathu kuli mbale m'kabati zimene ana anga amangoziona pagalasi. Amadziwa kuti akaona nkhuku ikuthamangitsidwa, ndiye kuti kukubwera munthu wofunika kuposa iwowo.

Kulemekeza alendo n'kwabwino, ndipo sindikuti tisiye. Chimene chimandiwawa n'chakuti tsiku la alendo limatiulula. Limaonetsa kuti galimoto inalipo, chitsulo chinalipo, makaniko analipo, nzeru zinalipo. Chimene chinkasowa ndi munthu woti timuchitire manyazi. Mayi Nachisale anakwera minibasi ziwiri, koma analibe ulemerero wokwanira kutichititsa manyazi. Akanabwera pa ndege, mwina.

Detabesi ya mtundu wathuwu ili ndi khalidwe limodzi losayenera m'dziko muno: siiwala tsiku. Munthu ukamufunsa kuti pampu inafa liti, amati posachedwapa. Iyo imakuuza tsiku lake, n'kukuonetsanso masiku onse amene anadutsa anthu akuunika.

N'chifukwa chake sindinadabwe Lachisanu a Mbewe atabweranso kumbuyo kwa mpando wanga, nkhope ili ngwee ndi chipambano cha dzulo lake.

"Tiyamike, zakalezi tikusungiranji? Zikungodzaza malo kumitamboko. Muiuze kuti izisunga za mwezi umodzi basi, zinazo zizifufutika zokha."

Nalonso ndi lamulo limodzi. Ndikanalilemba iwo asanamalize kulankhula, ndipo mwezi ukamatha, nyengo yonse imene mudzi uja unamwa ndi ng'ombe ikanasanduka chinthu chimene sichinachitikepo.

"Palibe vuto, bwana," ndinatero mwaulemu wonse. "Mungonditumizira pa imelo kuti mwalamula ndinu, chifukwa zikafufutika sizibwerera."

"Aaa, si zachangu," anatero, akubwerera chammbuyo. "Tiunikabe kaye."

Kwa nthawi yoyamba, mawu amenewa anandikomera m'khutu.

Loweruka m'mawa foni yanga inalira. Anali Mayi Nachisale. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la ndowa ndi amayi akuseka.

"Mwanangu, ndati ndithokoze. Madzi akutuluka. Mwana uja anatuluka m'chipatala, akusewera panjapa."

"Tithokoze Mulungu, mayi."

"Eya, tithokoze. Koma makaniko uja anatiuza kuti kunali alendo kuofesi kwanuko."

"Analiko, mayi."

"Chabwino." Kenako anafunsa modekha, ngati munthu wofunsa za tsiku la sikelo ya ana. "Nanga abweranso liti? Chifukwa thanki yayamba kudontha pansi, ndiye timati tidziwiretu."

Ndafufuza, ndipo alendo enieni sabweranso mpaka mvula itatha. Thanki singadikire mpaka pamenepo. Ndiye ndikufunsa inu owerenga: alipo pakati panu amene ali ndi suti yabwino ndi galimoto yoyera, woti angotiimbira foni kuofesi kuti akubwera Lachinayi?