Adadi Akufuna Kukatsanzika ku Banki

Sabata ino sindikukhazikika, abale. Ndikakhala pansi ndikufuna kuimirira, ndikaimirira ndaiwala chomwe ndaimirira. Mnzanga wa ku shifiti wandifunsa ngati ndachulutsa khofi. Si khofi ayi, ndi bokosi la ndalama zachitsulo.

Zinayamba Lachisanu lapitali pa banki yathu kuno ku South Bend. Monga timachitira sabata iliyonse, ndinawanyamulira adadi bokosi lawo mpaka pa kauntala, ine n'kubwerera m'galimoto kukakanda foni. Iwo anatsala m'katimo atavala jekete ndi tayi, kontena ya mandasi ili m'manja. Nthawi zonse amatha mphindi makumi awiri akucheza. Tsiku limeneli sipanathe ndi mphindi zisanu, ndinangomva go go go pa galasi.

"Tsika, Yamikani. Akuti tilipire."

Ndiyambe ndakufotokozerani za bokosili, chifukwa ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti banja ili lalowa bizinesi yachilendo.

Adadi ali ndi zaka 73. Tinawaitanitsa kuno amayi atamwalira, poona kuti kumudzi ku Thyolo atsala okha m'nyumba, mankhwala a BP akumwa akakumbukira. Chaka choyamba chinali chowawa. Ine ku ntchito, mayi a kunyumba ku ntchito, ana ku sukulu, iwo pa windo kuyang'ana chipale chikugwa. Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi funso linali limodzi: "Kodi tikiti yobwerera kwathu ikupanga zingati masiku ano?"

Anawapulumutsa ndi a Walt, mzungu wachikulire woyandikana nafe. Iwowo ndi amene anawaonetsa masewera amene anthu ena kuno amawakonda. Umapita ku banki, n'kuoda bokosi la mahafu dola la madola 500 kuchokera mu akaunti yako. Ndalamazo zimabwera zokulungidwa m'timipukutu ta mapepala. Ukafika kunyumba umamasula kampukutu kalikonse n'kumasaka zakale, za 1970 kubwerera m'mbuyo, chifukwa zimenezo zili ndi siliva. Ukapeza umasunga, n'kuikapo ina wamba, kukulunganso zonse n'kukabweza ku banki. Ndalama yako imabwerera mu akaunti monga inalili. Mabokosi ena supezamo kanthu, ena umapezamo imodzi kapena ziwiri.

A Walt ankaganiza kuti apeza mwana wa sukulu. Sankadziwa kuti adadi anakhala zaka makumi atatu akulipira anthu malipiro pa esiteti ya tiyi, nthawi imene ndalama zachitsulo zinkagula chinthu. Anzawo amayang'ana m'mphepete mwa ndalama kuti aone ngati mulibe mzere wa mkuwa. Adadi amangoigwetsa patebulo n'kumvetsera. Kuyambira mwezi umenewo, nkhani ya tikiti inazilala.

Koma panali lamulo limodzi la a Walt limene adadi analikana kwamtuwagalu. Osaka siliva amati utenge ku banki ina, ukabweze ku banki ina, kuti usatopetse anthu a pamalo amodzi.

"Zamwano zimenezo," anatero adadi. "Ubwereke mbale kwa a Nachisale, ukabweze kwa a Nambewe? Kumene watenga n'kumene umabweza. Ndipo mbale sibwerera yopanda kanthu."

Ndiko kunachokera mandasi. Lachinayi lililonse mayi a kunyumba amakazinga, Lachisanu adadi n'kukapereka kwa Brenda, mtsikana wa pa windo lachiwiri, amene iwo amamutchula kuti "mwana wanga wa ku banki".

Ndiye Lachisanu lapitali nditalowa, ndinapeza Brenda nkhope ili pansi. Anandilozera kapepala komata pa kauntala. Lamulo latsopano lochokera ku likulu: bokosi lililonse loodedwa achaja madola khumi, ndipo wobweza timipukutu topitirira khumi achajidwanso pa kampukutu kalikonse. Lathu lili ndi timipukutu makumi asanu.

"Pepani kwambiri, Bambo Kamwendo," anatero Brenda. "Si ine ndapanga."

Adadi anawerenga kapepalako kawiri, magalasi ali pamphuno.

"Ndilipire ndalama kuti ndibweze ndalama? Ndipo ndalama yake yokwana, yosaperewera ngakhale tambala?"

Mandasi anapereka ndithu, koma bokosi anandiuza kuti ndilinyamule tizipita.

Apa ndiulule, ngakhale zikundichititsa manyazi. Pamene ndinkalinyamula kubwerera ku galimoto, mumtima ndinati Mulungu wayankha. Bokosi limenelo limalemera ngati mwana wa chaka ndi theka, ndipo mwana amakugwirako pakhosi, bokosi siligwira. Lachisanu ndi tsiku langa lopuma. Ndinali nditatopa nalo, ndipo ndinasangalala kuti wakana ndi banki, osati ine.

Komabe madola 500 anga anali m'buti ya galimoto. Ndinaimbira achemwali anga a Eneless amene amakhala ku Lawrence, ku Indianapolis. Anati kabanki kawo kali ndi makina owerengera ndalama zachitsulo, mamembala salipira. Loweruka m'mamawa tinanyamuka, maola awiri ndi theka pamsewu.

Titafika, ha! Nakonso kapepala komata pa makina. Ulere ulipo, koma mpaka pa mlingo wakutiwakuti, ukapitirira amadulapo gawo lawo. Achemwali anagwira pakamwa. "Koma mwezi watha kanalibe kameneka!"

Tinalipira, nanga tikanabwerera nalo? Koma chimene chinandipweteka si ndalamayo. Makina salandira zokulunga. Timipukutu tonse timene adadi anakulunga sabata yathunthu, mutu wa ndalama iliyonse utayang'ana mbali imodzi, tinayenera kuting'amba. Anaima pamenepo atavala tayi, akung'amba ntchito ya manja awo, makina akungomeza ndi phokoso. Pomaliza makinawo anatulutsa kalisiti.

"Basi?" anafunsa adadi. "Osafunsa n'komwe kuti sabata ino ndapeza chiyani?"

Achemwali anati tidutse ku Lafayette Road tikagule ufa ndi nsomba zouma, poti adadi amakonda kusankha okha. Adadi anakana kutsika m'galimoto.

Pobwerera ndinkangotukwana mabanki mumtima. Tsono tinene chilungamo, a banki nawo ali ndi mfundo. Bokosi limenelo silibwera lokha. Pali galimoto yolinyamula, pali alonda, pali msana wa Brenda. Ndipo kwa zaka ziwiri ife tinkawapatsa ntchito kawiri, potenga ndi pobweza, iwo osapindulapo kanthu kupatula mandasi. A Walt anatichenjeza, ife ulemu wa kwathu n'kutipweteketsa.

Chimene chimandinyansa ine ndi kakanidwe kake. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Sakuuza kuti usabwerenso, amangomata kapepala. Lero ndi timipukutu, dzulo inali sitetimenti ya papepala, mawa kudzakhala kulipira kuti uone nkhope ya munthu pa kauntala. Zonse akuti chitani pa foni. Ku golosale udzisikanire wekha, ku chipatala udzilembetse wekha pa sikirini. Kodi munthu wa zaka 73, amene sadiraiva, amene Chingerezi chake n'cha m'makalata a ku ofesi, azikapatsidwa kuti moni?

Ndinali nditakonzeka kulemba ndemanga yonseyi motero, kuwasambitsa chokweza a banki, inu n'kuwomba m'manja. Koma Lachitatu madzulo ndinapeza adadi akusita malaya awo oyera.

"Adadi, malaya a chiyani? Paja bokosi kulibe."

"Lachisanu undiperekeze ndikatsanzike. Munthu sachoka pamalo pamene amamupatsa moni osatsanzika." Anatembenuza kolala n'kupitiriza kusita. "Ukatero undionere mtengo wa tikiti."

Funso lija labwerera, ndipo ulendo uno silinabwere ngati funso. Ndikuidziwa nyumba imene akufuna kubwererako. Ndikudziwa kuti mulibe munthu wowakumbutsa mankhwala, ndipo ndikuopa foni imene idzalire tsiku lina kuchokera kumeneko.

Lero Lachinayi m'mawa ndinaimbira manijala wa banki ija, mayi waulemu wake. Ndinamupempha kuti azidula ndalamazo mu akaunti yanga mwakachetechete, koma adadi awauze kuti lamulo lija lachotsedwa.

"Kudula tingathe," anatero. "Koma kunamiza bambo anu sitingathe. Ndipo Brenda sangavomere. Mukudziwa kuti amalemba pa kalendala yake siliva aliyense amene iwo apeza? Akuti atsala ndi awiri kuti akwanitse zimene akufuna."

"Zimene akufuna ziti?"

"Ndimayesa mukudziwa."

Sindinkadziwa, anthuni. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwaperekeza, ndipo sindinkadziwa kuti pali chiwerengero chimene akulondola. Mtsikana wa pa windo lachiwiri akudziwa, mwana wobala iwo eni ali m'galimoto kukanda foni.

Ndiye tiyeni tisiye kaye za banki, tiyankhulane tokhatokha. Timaitanitsa makolo athu ndi mtima wabwino. Timawagulira majekete okhuthala, timawajambula pa chipale n'kutumiza zithunzi ku gulu la banja, abale n'kumati agogo akudyerera. Kenako timawatsekera m'nyumba yofunda ndi rimoti m'manja, ife n'kuthamangira dabulo shifiti. Kumudzi munthu wamkulu akangokhala pakhonde, odutsa khumi amupatsa moni dzuwa lisanakwere. Kuno angathe sabata yathunthu osamva munthu wina akutchula dzina lawo. Ndi angati mwa ife amene tikudziwa chimene makolo athu amachita pakati pa eyiti koloko ndi faifi?

Ine ndinapeza Brenda ndi a Walt, n'kuwatula ntchito yanga, ndipo ndinkaitenga yaulere. Mwina kapepala kaja sikanalakwe kwenikweni.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masana ano ndinapita pa tebulo lawo la pa windo, pamene sindinakhalepo chiyambire. Ndinawafunsa za chiwerengero chija.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Munali timaenvulopu, kalikonse kolembedwa dzina ndi dzanja lawo la ukalaliki lija. Ana awo, apongozi, zidzukulu za kuno ndi za kumudzi, aliyense siliva wake mmodzi wa 1964, amene ati ndiye weniweni. Timaenvulopu tiwiri tinali topanda kanthu. Kena kanali ka Brenda. Kachiwiriko kanali kanga.

"Iwe ndinakuika kumapeto," anatero. "Ndinaona kuti sizikukukhudza."

Zinandiwawa chifukwa sananame.

"Adadi, ndiphunzitseni kumva kulira kwake."

Anatenga ndalama ziwiri, n'kugwetsa yoyamba patebulo, kenako yachiwiri.

"Siliva ndi iti?"

"Yoyambayo."

"Wagwa." Anagwetsanso. Ndinati yachiwiri. "Wagwanso, ndinazisinthanitsa. Makutu ako anaonongeka ndi tizingwe ta m'makutu timeneti. Bokosi limodzi silingakukwane iwe."

"Ndiye tiziodabe mabokosi. Koma paja pali zolipira zija."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango. "Ine sindingalipire kuti ndigwire ndalama, zimenezo ndanena kale. Koma sindinamvepo sukulu imene fizi amalipira ndi mphunzitsi."

Za tikiti sananenepo kanthu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa. Sindikudziwa ngati nkhaniyo yatha kapena yangogona. N'chifukwa chake ndikulemba izi nditaimirira pa kauntala ya kukhitchini, mandasi akukazingidwa pambali panga, malaya oyera ali pa hang'ala.

Mawa ndi Lachisanu. Ndikalipira madola khumi aja, za timipukutu ndidzalipiranso pobweza, ndipo foni ndikaisiya m'galimoto.

Inu amene muli ndi mayi kapena bambo pa windo pamene mukuwerenga izi, mukudziwa amene anawapatsa moni sabata ino? Nanga envulopu yanu ili ndi kanthu?